Mlendo wa Mulungu ndi mlendo wolipira: mbiri ya kuchereza alendo m'mapiri a Kyrgyzstan

Pakati pa China kummawa, Kazakhstan kumpoto, Uzbekistan kumadzulo ndi Tajikistan kummwera pali dziko la Kyrgyzstan, lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 200,000, lokhala ndi anthu oposa 7 miliyoni. Ambiri mwa anthuwo ndi Asilamu otsatira mazhabu a Imam Abu Hanifa. Monga Malawi, dzikoli lilibe doko pa nyanja yaikulu ya mchere, koma limasiyana ndi kwathu kuno chifukwa pafupifupi lonse ndi mapiri okhaokha. Nsonga yake yaitali, Jengish Chokusu, imafika mamita 7,439. Sapitwa wathu wa pa Mulanje, wa mamita 3,002, kumeneko akadakhala busa la nkhosa, pakuti nyanja ya Song-Kul, kumene abusa amakadyetsa ziweto m'miyezi yotentha, ili pa mamita 3,016.

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2000, mabanja angapo a m'tauni yaing'ono ya Kochkor, pakatikati pa dzikolo, anagwirizana kuti azilandira alendo ochokera kunja m'nyumba zawo, kuwaphikira, kuwabwereka akavalo ndi kuwaperekeza kumapiri pa mtengo wodziwika. Kuyambira pamenepo dzina la Kyrgyzstan limatchulidwa kawirikawiri anthu akamakambirana za ntchito zokopa alendo zoyendetsedwa ndi eni mudzi. Ena amayamikira ntchitoyi kuti ndi njira yotulukira mu umphawi, pamene ena amadandaula kuti yasandutsa mwambo wopatulika kukhala malonda. Kuti tiweruze bwino za tsogolo lake tiyenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa mapiri amenewa akhala akulandira alendo kwa zaka zoposa 1,000, ndipo m'nyengo iliyonse phindu la mlendo lapita kwa yemwe anali ndi mphamvu pa khomo ndi pa nthaka pomwe mlendoyo wagona.

M'masiku a ngamira

Njira zamalonda zolumikiza China ndi Persia ndi maiko a Aluya, zomwe olemba mbiri anadzazitcha Njira ya Silika, zinkadutsa m'zigwa ndi m'mipata ya mapiri a Tian Shan. Amalonda ankanyamula nsalu za silika, mapepala ndi zonunkhira pa ngamira ndi pa akavalo, ndipo anthu ogwidwa ukapolo ankayendetsedwanso m'njira zomwezo. M'chaka cha 751 asilikali a Khalifa wa banja la Abbas anakumana ndi asilikali a mafumu a Tang a ku China pafupi ndi mtsinje wa Talas, ndipo a ku China anagonja. Chisilamu chinadzazika mizu m'derali patapita zaka pafupifupi 200, pamene mafumu a Karakhan, kuyambira ndi Satuq Bughra Khan, anachilandira m'zaka za m'ma 900.

Mzinda wawo wa Balasagun, m'chigwa cha Chui, unasanduka bwinja kalekale, koma nsanja yake yoitanira swala, yotchedwa Burana, idakaima pafupi ndi tauni ya Tokmok. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1000, ndipo zivomezi zinaigumula kumutu kotero kuti yatsala yaitali mamita pafupifupi 25. Mumzinda umenewu munabadwira Yusuf Balasaguni, amene anamaliza buku la malangizo a ulamuliro lotchedwa Kutadgu Bilig cha m'ma 1070. M'zaka zomwezo Mahmud al-Kashgari, yemwe makolo ake anali a ku Barskhan m'mbali mwa nyanja ya Issyk-Kul, ankalemba buku lomasulira mawu a zinenero za Chiturki m'Chiarabu. Kummwera kwa dzikolo, mzinda wa Osh unakula patsinde pa phiri la Sulaiman-Too, lomwe anthu akhala akuliyendera kuyambira kale. Babur, amene anadzakhazikitsa ufumu wa Mughal ku India mu 1526, anamangapo kachipinda akadali mnyamata, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO linaika phirilo pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Chomwe chimatiuza zambiri za apaulendo a nthawi imeneyo ndi nyumba ya miyala yotchedwa Tash Rabat, yomwe ili m'chigwa chopapatiza m'chigawo cha Naryn, pamwamba pa mamita 3,000. Mawu akuti tash amatanthauza mwala, ndipo rabat anachokera ku liwu la Chiarabu lakuti ribat. Nyumbayi ili ndi zipinda pafupifupi 30. Akatswiri ambiri amati inamangidwa m'zaka za m'ma 1400, ena amati ndi yakale kuposa apo ndipo poyamba munkakhala anthu odzipatula kuti azipemphera. Ambiri amakhulupirira kuti inakhala pogona pa apaulendo opita ku Kashgar. Abusa okhala m'mphepete mwa njira ankagulitsa nyama ndi mkaka, kusinthanitsa akavalo otopa ndi amphamvu, ndiponso kulondolera amalonda m'mipata yoopsa, koma phindu lalikulu linkatsalira kwa mafumu otolera msonkho ndi kwa eni katundu a m'mizinda. Zombo za ku Ulaya zitayamba kuzungulira Africa kupita ku India kuyambira mu 1498, ndiponso nkhondo zitachuluka pamtunda, malonda a mtunda wautali anazilala pang'onopang'ono, ndipo Tash Rabat inatsala yokha pakati pa udzu.

Mlendo wa Mulungu

Anthu a mtundu wa Kyrgyz anali abusa osamuka ndi ziweto zawo. M'nyengo yachisanu ankakhala m'zigwa, ndipo kukayamba kufunda ankakwera ndi nkhosa, akavalo ndi ng'ombe kupita ku mabusa a pamwamba omwe amawatcha jailoo. Nyumba yawo, boz ui, ndi yozungulira ngati nyumba zathu zakale, koma mafupa ake ndi timitengo topindika tomangidwa ndi zingwe, ndipo amaifunditsa zinsalu zokhuthala za ubweya wa nkhosa. Imaphwasulidwa ndi kunyamulidwa pa ziweto. Mkombero wa pa tsindwi pake, wotchedwa tunduk, ndi umene uli pakati pa mbendera ya dzikolo lero. Chisilamu chinalowa mwa abusawa mochedwerapo kusiyana ndi m'mizinda, kudzera mwa mashehe a tariqa ndi amalonda a m'chigwa cha Fergana, ndipo chinalimba m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, makamaka pansi pa ufumu wa Kokand, womwe unamanga linga la Pishpek mu 1825 pamalo pomwe pali likulu la Bishkek tsopano.

M'dziko lopanda nyumba zogona alendo, momwe munthu wogona panja usiku umodzi akhoza kufa ndi chisanu, kuchereza mlendo linali lamulo la moyo. Wapaulendo wosadziwika amene usiku wamupeza ankatchedwa kudayi konok, kutanthauza mlendo wa Mulungu. Ankamukhazika pa malo aulemu moyang'anizana ndi khomo, kumupatsa buledi ndi chakumwa, ndipo ngati anali wolemekezeka ankamuphera nkhosa. Kulandira malipiro pa zimenezi chinali chamanyazi. Aliyense ankadziwa kuti wochereza lero adzakhala wapaulendo mawa.

Mwambowu unagwirizana bwino ndi chiphunzitso cha Chisilamu. Qur'an imasimba m'Surah Hud ndi m'Surah Adh-Dhariyat za Mneneri Ibrahim, mtendere ukhale pa iye, amene anafulumira kukonzera alendo osawadziwa nyama ya mwana wa ng'ombe. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analumikiza kulemekeza mlendo ndi chikhulupiriro mwa Allah ndi Tsiku Lomaliza, naika masiku atatu kukhala muyeso wa kuchereza, chopitirira pamenepo n'kukhala sadaka. Anachenjezanso mlendo kuti asakhalitse mpaka kulemetsa mwini nyumba. Chuma chenicheni chomwe mabanja a ku Kochkor anayamba nacho mu 2000 chinali mwambo umenewu, ndipo ndi womwewo umene ambiri akuuopera lero.

Boma lisanduka mwini alendo

Pakati pa zaka za m'ma 1800 kunayamba kufika alendo a mtundu wina, onyamula mapu ndi zida zoyezera malo. Pyotr Semyonov anayendera mapiri a Tian Shan mu 1856 ndi 1857, ndipo Nikolai Przhevalsky anamwalira ku Karakol mu 1888 akukonzekera ulendo wa ku Tibet. Oyeza malo ndi asilikali ankayenda njira imodzi. Linga la Pishpek linagwa m'manja mwa Russia mu 1862, ufumu wa Kokand unathetsedwa mu 1876, ndipo Kurmanjan Datka, mayi wolemekezeka amene ankatsogolera mafuko a m'chigwa cha Alai, ataona kuti nkhondo ingomutsirizira anthu, anavomera ulamuliro watsopanowo. Alimi ochokera ku Russia ndi Ukraine anapatsidwa zigwa zachonde zomwe abusa ankathawiramo chisanu. Mu 1916, mfumu ya Russia italamula kuti amuna a m'chigawochi akagwire ntchito zothandiza pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu anaukira. Asilikali anabwezera mwankhanza, ndipo mabanja zikwizikwi anathawira ku China kudzera m'mipata ya mapiri, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi chisanu. Tsoka limeneli amalitcha Urkun, ndipo amalikumbukira mpaka lero.

Ulamuliro wa Soviet Union unabweretsa masukulu, zipatala ndi misewu, koma unathyola msana wa moyo wa ubusa. Zilembo za Chiarabu zinachotsedwa mu 1928. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ziweto zinalandidwa n'kuikidwa m'mafamu a boma, ndipo mabanja anakakamizidwa kukhazikika m'midzi. Mizikiti yambiri inatsekedwa, kuphatikizapo, kwa zaka zingapo, mzikiti wamatabwa wa ku Karakol womwe Asilamu a mtundu wa Dungan, othawa nkhondo ku China, anaumaliza mu 1910. Pofika kumapeto kwa ulamulirowu mizikiti yololedwa m'dziko lonse inali 39 yokha.

M'nthawi imeneyi alendo anachuluka kuposa kale lonse. Nyanja ya Issyk-Kul, yaitali makilomita pafupifupi 180, ili pamwamba pa mamita 1,600 koma siundana ngakhale pachisanu, chifukwa ndi yakuya ndipo madzi ake ali ndi mchere pang'ono. Pa gombe lake lakumpoto, makamaka ku Cholpon-Ata, boma linamanga nyumba zikuluzikulu zopumuliramo ndi zochiritsiramo odwala. Antchito a m'mafakitale ndi m'migodi ya ku Siberia, Kazakhstan ndi madera ena ankabwera ndi ziphaso zopatsidwa ndi mabungwe awo a antchito. Nyumbazo zinali za boma, basi yowanyamula inali ya boma, ndipo nkhosa yomwe ankadya inali ya famu ya boma. Mbusa ankaweta nyama ya alendo amene sanawaonepo. Anthu ochokera kunja kwa Soviet Union sankaloledwa kuyendayenda kunyanjako, chifukwa chakummawa kwake asilikali ankayeserako zida zophulitsira sitima zapamadzi.

Zomwe zinachitika ku Kochkor

Dzikoli linalengeza ufulu wake pa 31 Ogasiti 1991. Thandizo la ndalama lochokera ku Moscow linatha, mafakitale anatsekedwa, ndipo pofika 1995 chuma cha dziko chinali chitatsika ndi pafupifupi theka. Mafamu a boma anagawidwa kwa anthu. Banja linkalandira kamunda ndi nkhosa zingapo, popanda mankhwala a ziweto, popanda udzu wosungira m'chisanu, popandanso msika wa ubweya. Anthu anadya nkhosa zawo kapena kuzisinthanitsa ndi ufa, kotero kuti chiwerengero chake chinagwa kuchoka pa pafupifupi 10 miliyoni kufika pochepera 4 miliyoni m'zaka zowerengeka. Achinyamata anayamba kupita kukagwira ntchito ku Russia, monga momwe athu amapitira ku Johannesburg, ndipo m'zaka zina ndalama zomwe ankatumiza kwawo zinafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse cha dziko.

Pa nthawi yomweyo malire anatseguka, ndipo apaulendo ochokera ku Ulaya, America ndi Japan anayamba kufika, ofuna kukwera kavalo, kuona nyanja za pamwamba pa mapiri ndi kugona m'boz ui. Poyamba ndalama zawo zinkathera kwa makampani a ku Bishkek, omwe ankabwera ndi mahema, zakudya ndi ophika awo, anthu a m'mudzi n'kumangoonerera fumbi la galimoto. Bungwe la Helvetas la ku Switzerland, lomwe linayamba ntchito m'dzikolo mu 1994, linathandiza mabanja a abusa a m'chigawo cha Naryn kuyamba kulandira okha apaulendowo. Ku Kochkor amayi anali atapanga kale gulu lotchedwa Altyn Kol, kutanthauza manja agolide, logulitsa shyrdak, mphasa zaubweya zosokedwa mokongola. Gulu loyamba lokopa alendo la eni mudzi linakhazikitsidwa kumeneko mu Meyi 2000, ndipo mu Januwale 2003 magulu a m'madera osiyanasiyana anapanga mgwirizano wa dziko lonse wotchedwa Kyrgyz Community Based Tourism Association.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kukamvetsa. M'tauni mumakhala kaofesi kokhala ndi munthu mmodzi kapena awiri ogwirizanitsa alendo ndi mabanja. Mitengo ya pogona, ya chakudya, ya kavalo pa tsiku ndi ya wolondolera njira imalembedwa poyera kuti mlendo asanyengedwe ndiponso kuti mabanja asagwetserane mitengo. Gawo lalikulu la ndalama limapita kwa amene wagwira ntchitoyo, ndipo laling'ono limatsala ku ofesi. Nyumba zimayenderedwa ndi kupatsidwa chizindikiro cha duwa la m'mapiri lotchedwa edelweiss, limodzi kapena awiri kapena atatu malinga ndi ukhondo ndi zofunika zomwe zilimo. Mphamvu ya njirayi inali yakuti banja linkayamba ndi zomwe linali nazo kale: chipinda chopanda munthu, kavalo, boz ui ndi luso la mayi kukhitchini. Linkatha kuyamba popanda ngongole ya chiwongoladzanja, ndipo ndalama zambiri za chakudya ndi za zosokasoka zinkafika m'manja mwa amayi.

Ntchitoyi inafalikira ku Naryn, ku Karakol, ku Sary-Mogol patsinde pa phiri la Lenin, ndi ku Arslanbob, mudzi wa Asilamu a mtundu wa Uzbek womwe uli pakati pa nkhalango yaikulu ya mitengo ya mtedza wa walnut. Mu 2012 boma linalola nzika za maiko 44 kulowa popanda viza kwa masiku 60. M'chaka chomwecho UNESCO inaika luso losoka shyrdak pa mndandanda wa miyambo yofunika kuipulumutsa msanga, ndipo mu 2014 inazindikiranso luso lopanga boz ui. Masewera a World Nomad Games, omwe anachitikira ku Cholpon-Ata mu 2014, 2016 ndi 2018, anatchukitsa dzikolo kutali. Mudzi wa Jyrgalan, womwe unatsala pang'ono kufa mgodi wake wa malasha utazilala, unayamba kulandira oyenda m'mapiri cha m'ma 2016, ndipo nyumba zina zomwe zinali zotsekedwa zinatsegulidwanso.

Walira mvula walira matope

Vuto loyamba ndi nyengo. Ku Song-Kul alendo ambiri amafika kuyambira Juni mpaka Seputembala, kenako misewu imatsekeka ndi chipale ndipo nyanjayo imaundana. Ndalama za miyezi itatu kapena inayi ziyenera kudyetsa banja chaka chonse. Akuluakulu athu anati mlendo ndi mame, ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka malire, mame amenewo anakamuka tsiku limodzi. Banja lomwe linasunga nkhosa zake linali ndi pogwira, pamene lomwe linagulitsa ziweto kuti limange zipinda zambiri linatsala ndi mabedi opanda ogonapo.

Lachiwiri ndi mtendere. Atsogoleri a dzikolo anachotsedwa ndi zipolowe mu 2005, mu Epulo 2010 ndi mu Okutobala 2020. Mu Juni 2010 ku Osh ndi ku Jalal-Abad kunabuka nkhondo pakati pa anthu a mtundu wa Kyrgyz ndi a mtundu wa Uzbek, onsewo Asilamu, ndipo anthu oposa 400 anafa. Mu 2021 ndi 2022 kunali kuomberana ndi Tajikistan m'malire a ku Batken. Ngakhale ngozi imodzi imakwanira kuthamangitsa alendo: mu Meyi 1998 galimoto yonyamula mankhwala a poizoni a cyanide kupita ku mgodi wa golide wa Kumtor inagwera mumtsinje wa Barskoon, womwe umathira m'nyanja ya Issyk-Kul, ndipo chaka chimenecho anthu ambiri anaopa kupita kunyanjako. Wolandira alendo m'mudzi alibe mphamvu pa zinthu zoterezi, koma ndi iye amene amayamba kumva kuwawa kwake.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu pa onse, ndi nthaka. Mabusa a ku Kyrgyzstan ndi a boma. Lamulo la mu 2009 linapereka kasamalidwe kake kwa makomiti a eni ziweto a m'midzi, koma malo akatchuka amakopa anthu a ndalama ochokera m'mizinda, amene amaimika mizere ya boz ui pa gombe popanda nkhosa ndi imodzi yomwe. Mlendo wa masiku ano amasankha pogona pa intaneti asananyamuke kwawo, osadutsanso ku kaofesi ka gulu, motero mgwirizano wa mitengo ndi kugawana alendo umafooka. M'mudzi momwemo, amene ali ndi nyumba yaikulu, akavalo ambiri ndi mwana wodziwa Chingerezi amatenga alendo ochuluka, ndipo wamasiye wa kanyumba kamodzi sapezapo kanthu. Pa udzu wa pamwamba pa mapiri, womwe umachedwa kuphuka ukapondedwa, pakuchuluka matayala a galimoto, mabotolo apulasitiki ndi zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi madzi. Madzi oundana a pa nsonga za Tian Shan, omwe amadyetsa mitsinje yambiri ya m'derali, akusungunuka chaka ndi chaka.

Lachinayi likukhudza chipembedzo. Kodi Msilamu angalipiritse mlendo? Akatswiri a fiqh amasiyanitsa pakati pa diyafa, kuchereza kwaulere komwe ndi ufulu wa wapaulendo, ndi ijara, kubwereketsa chipinda, chiweto kapena ntchito ya manja pa mtengo. Ijara ndi yololedwa ngati mtengo ndi chinthu chobwerekedwacho zadziwika bwino mbali zonse ziwiri zisanavomerezane, ndipo ngati ntchitoyo ilibe haramu mkati mwake. Munthu amene wawoloka nyanja ndi ndalama m'thumba kudzaona mapiri akuchita malonda ndi mwini nyumba, ndipo mitengo yolembedwa poyera ya ku Kochkor ikugwirizana ndi zomwe Sharia imafuna pa malonda. Choopsa chili pa mtima wa wochereza. Munthu akazolowera kuwerenga ndalama pa mutu uliwonse wolowa pakhomo, tsiku lina akhoza kubweza mbusa wosauka amene usiku wamupeza chifukwa mphasa zonse zasungidwira olipira. Palinso nkhani ya mowa, womwe unazika mizu m'nthawi ya Soviet ndipo alendo ena amaufuna, ndi ya kavalidwe. Midzi ngati Arslanbob imadziwika kuti mlendo ayenera kuvala modzilemekeza akamayenda m'misewu yake, ndipo alendo sanaleke kupitako. Banja lomwe lili m'nyumba yakeyake likhoza kunena malamulo ake, chinthu chomwe wantchito wa pa hotela ya munthu wina sangathe.

Tsogolo lake

Zizindikiro zabwino zilipo. Mizikiti ya m'dzikolo tsopano ndi yoposa 2,000, ndipo mabanja ochokera ku maiko a Aluya, othawa kutentha kwa kwawo, akubwera ochuluka kufuna malo ozizira omwe chakudya chake ndi cha halal ndipo adhana imamveka. Ku Karakol, Jyrgalan ndi Arslanbob kuli masewera otsetsereka pa chipale, omwe akubweretsa alendo m'miyezi yomwe kale inali yopanda ntchito. Mu Marichi 2025 Kyrgyzstan ndi Tajikistan anasainirana pangano lothetsa mkangano wa malire. Ngati mtendere ungakhazikike, alendo adzachuluka. Chosadziwikiratu ndi mwini wa phindu lawo.

Mbiri yomwe tayendamo ikuonetsa nyengo zitatu. M'masiku a ngamira phindu linali la mafumu ndi amalonda, m'nthawi ya Soviet linali la boma, ndipo kuyambira 2000 gawo lina lafika kwa banja lomwe laphika chakudya ndi kuyala mphasa. Nyengo yachitatuyi ndi yaing'ono msinkhu, ndipo ikhoza kubwerera ku ziwiri zoyambazo ngati mabusa otchuka angagwe m'manja mwa anthu ochepa. Ntchito yokopa alendo ya eni mudzi siingathetse umphawi wa dziko lonse, pakuti imafika m'zigwa zokhazo zomwe alendo amazikonda. Ikhoza kukhala mwendo wachitatu wa banja, pambali pa ziweto ndi munda, ndipo ikhoza kusunga mnyamata pakhomo amene akadapita ku Moscow. Kuti itero pafunika kuti anthu a m'mudzi akhale ndi mawu pa nthaka yawo, kuti gulu lisunge mgwirizano wa mitengo ndi kugawana alendo mpaka kwa osauka, ndi kuti chiwerengero cha alendo chisapose chomwe udzu ndi madzi zingapirire.

Ife a m'mphepete mwa nyanja nkhaniyi siyachilendo kwenikweni. Chisilamu chinatifika ifenso m'njira za malonda, kudzera ku Nkhotakota ndi m'midzi ya mafumu a Chiyao, ndipo alendo odzaona nyanja timakhala nawo chaka chonse kuyambira ku Mangochi mpaka ku Salima. Tikudziwa magombe omwe makolo athu ankayanikapo usipa ndi kukocheza mabwato, lero ali m'kati mwa mipanda, ndipo mwana wa pamudzi amalowamo ngati mlonda kapena wochapa mbale. Mabanja a ku Kochkor analibe chuma choposa chathu pamene ankayamba. Anali ndi nyumba zawo, ziweto zawo ndi dzina labwino la kuchereza, ndipo anagwirizana pa mtengo umodzi mlendo woyamba asanafike. Komiti ya mzikiti kapena gulu la amayi lomwe lingaganize zoyesa njira yotere liyenera kuyamba ndi kufunsa kwa mfumu ndi kwa akuluakulu a boma kuti gombe lomwe latsala ndi la yani ndipo lalembedwa m'dzina la yani, kenako n'kukhala pansi kugwirizana malamulo a pakhomo, kuphatikizapo lakuti m'nyumba iliyonse yolandira alendo olipira mutsale malo a wapaulendo wosowa pogona, amene sadzafunsidwa tambala.